Chitsa cha Malubeni ku Kabwata

"Ndani wafafaniza penti yanga pamtengo?"

Imelda sanatukule mutu. Anapitiriza kukwecha poto pampopi. Yankho linali pa zala zake, zofiira mpaka m'zikhadabo.

"Amake Emmy, ndikulankhula ndi inu."

"Ndamva."

"Mwamva. Nanga pakamwa mwaikapo chiyani?"

Amock Daka, mwamuna wake, anali kapitawo wa gulu lodzala ndi kudula mitengo ya m'misewu ya Lusaka. Lachinayi anayenda yekha ndi chitini cha penti mumsewu wawo womwewo, ku Kabwata. Mpapaya uwu, mtanda wofiira. Mango awa, mtanda wofiira. Nthochi, magwafa, mapeyala. Atafika pakhomo pake sanalumphe. Anapaka mtanda pamtengo wa mabulosi, aja ana a m'Lusaka amati malubeni, umene unaima pakati pa mpanda wa maluwa ndi msewu. Lero Loweruka, mtanda palibe. Khungwa lakwechedwa mpaka kuyera.

Amock anakhala pa njerwa. Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana wa giredi wani. Alendo a mayiko akunja akubwera kumsonkhano waukulu. Magalimoto awo mwina adzadutsa mu Burma Road, ndipo diso la mlendo silichedwa kukhotera m'timisewu ta m'mbali. Choncho lamulo lakale, limene linkagona m'makabati, ladzuka. Kuchokera pampanda kukafika patala ndi malo a msewu, si a nyumba. Pamenepo pafunika kapinga, miyala yopaka laimu, ndi jakaranda mmodzi pakhomo lililonse, pamzere umodzi ngati asilikali. Chimanga ayi. Chibwabwa ayi. Mtengo wa zipatso ayi. Chitsa chizulidwe ndi mizu yake yomwe.

Imelda anati mtengowo ndiwo mthunzi wawo wokha. Anati ana amadya zipatso zake akaweruka kusukulu. Anati sunalakwire munthu.

"Ana adye malubeni, nanga ine akandichotsa ntchito tidzadya chiyani? Nyumba ino ndi ya khonsolo, amake Emmy. Nyumba ya mwini saotchera mbewa."

"Dulani yonse mu Lusaka muno. Uwo wokha usiyeni."

"Chifukwa?"

"Ndanena."

"Kunena si chifukwa."

Chifukwa chinalipo, koma sichinali cha makutu a mwamuna.

Chaka chimene Amock ankagona kumsasa, akudzala mitengo mumsewu wa kubwalo la ndege, Imelda anali ndi pakati. Mwana anabwera masiku asanakwane, m'nyumba momwemo. Sanalire. Mtayo. Kwawo ku Katete mtayo saulira maliro. Amauika azimayi okhaokha, mwakachetechete, m'dzenje losaya, chifukwa dzenje lakuya limatseka mimba ya mayi. Mwamuna samuonetsa malo, ndipo iye safunsa. Koma ku Kabwata kulibe dambo, kulibe thengo. Kumanda a m'tauni amakumba amuna, ndi mapiki, mpaka wokumbayo kumira. Ndiye Petronella, mlongo wake wamkulu wa Amock, anatenga khasu. Anasankha kumapeto kwa bwalo. Anaikapo mwala waphanthiphanthi kuopa agalu, nazika kanthambi ka malubeni pambali pake. Onse awiri ankayesa kuti bwalo limathera pamene tsache limathera. Za mzere wa anthu opima misewu sanazimvepo.

Amock atabwera kunyumba anamuuza kuti zapita padera. Anaweramitsa mutu, osafunsa kanthu, monga mwana woleredwa bwino. Pambuyo pake kunabadwa Lemmy, wotsatira Emmy. Kanthambi kanakula, kanapitirira denga.

Tsopano anyamata a Amock anali kubwera kudzazula chitsa ndi mizu yomwe.

Lolemba Imelda anakwera basi. Kabwata, tauni, kenako basi ina ya ku Kabulonga. M'tauni munali piringupiringu. Amuna akupaka laimu m'mphepete mwa Cairo Road, ena akupaka mitengo kufika m'chiuno ngati yavala masokosi. Amayi ogulitsa chinangwa ndi nshawa pakona paja panalibe. Pamalo pawo panali miphika ya maluwa. Mzere wa mafuta ophikira anausunthira kuseri kwa sitolo, kuti usaonekere kumsewu. Njala ilipo, koma idzere khomo lakumbuyo.

Ku Kabulonga kunali zii. Makoma ataliatali, pamwamba pake mabotolo osweka. Kunja kwa khoma kapinga wobiriwira, madzi akuwaza mozungulira, pamene ku Kabwata mpopi umauma dzuwa lisanafike pamutu. Pamwamba pa makoma panasuzumira nthambi za mango, mapeyala, ngakhale ngayaye za chimanga chothirira. Mtanda wofiira Imelda anaufuna ndi maso. Sanauone ndi umodzi womwe.

Petronella ankaphika m'nyumba ina ya kumeneko. Anatulukira pakageti kakang'ono, manja ali ufa wokhawokha. Anamvetsera osadula mawu. Imelda atafunsa za mango a mabwana ake, anaseka kuseka kowawa.

"Lamulo lili ndi maso, alamu, koma silikwera khoma. Inu kwanu khoma sakulolani, chifukwa nyumba si zanu. Mphika wanu aliyense amauona m'kati."

"Tiwauze atate ake Emmy."

"Ayi."

"Nanga titani? Akubwera ndi mapiki."

Petronella anatsitsa mawu. Anati choyamba, mwambo suthera pa mtsinje wa Luangwa. Chachiwiri, m'tauni muno kuika munthu pabwalo ndi mlandu wa polisi, ndipo khasu linali lake. Chachitatu, Amock ndi munthu wosatha kunama. Nkhope yake ndi windo lopanda katani. Akadziwa lero, mawa bwana wake awerenga zonse pamphumi pake.

Imelda anafunsa ngati angasunthe timafupato okha, akatiike kwina.

"Mtayo saufukula. Munamvapo kuti? Ndi mimba yanu mukusewera nayo." Petronella anapukuta manja panyakula. "Pitani kwa wapampando. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukawanyengerere, musawauze."

Wapampando wa chipani m'chigawo chawo anali ba Chibesa, a ku Luapula. Makhadi a chipani ankadzera mwa iwo. Malo a pamsika ankadzera mwa iwo. Imelda anathyola malubeni akupsa, odzaza mbale, nawanyamula.

"Shani, ba mayo. Bwelani, nkhalani."

Anagwada, napereka mbale. Ba Chibesa anayamba kudya asanamve nkhani. Atamva, anamulozera pakhomo pawo, pamene panali dzenje la mpapaya.

"Onani, ba mayo. Nadula neka. Bakazi banga sibakamba na ine manje. Koma balendo bakabwela bafunika kuona tauni, osati munzi. Kumunzi tinachokako kudala."

Imelda anati mtengo umodzi sungasandutse Lusaka mudzi. Anati adzaudulira nthambi, adzaupaka laimu, adzasesa zipatso zakugwa mamawa ndi madzulo.

"Ba Daka ni ba kapitao. Nyumba yao ndiye yoonelako. Wao mutengo ukaimilila, bantu bazakamba ati chipani chili na tsankho." Anatola malubeni ena. Milomo yawo inali itadera kale. "Ndiponso pamene paja ndiye pa jakaranda wanu. Banapima. Mugodi wake ufunika kufika mu chiuno."

Dzenje lofika m'chiuno. Imelda anathokoza, monga mwa ulemu. Ba Chibesa anamubwezera mbale yopanda kanthu, nati zipatsozo n'zokoma kwambiri, n'zachisoni.

Gulu linayambira kumtunda kwa msewu. Tsiku lililonse nyumba zingapo. Nkhwangwa, macheka, kenako mapiki. Lole imabwera, imanyamula nthambi, imapita. Msewu unayamba kuoneka ngati mutu wometedwa pamaliro. Unali Okutobala. Mphepo ya Lusaka, ija yosadziwa kupuma, inapeza njira yoyera. Fumbi m'maso, fumbi m'ndiwo, fumbi pa zovala zochapa. Madala amene ankasewera nsolo pansi pa mango anasamukira kumthunzi wa chimbudzi. Anthu ankadandaula, koma chapansipansi, chifukwa makutu a chipani anali pakhomo lililonse. Wina akafunsa mokweza kuti alendowo amadya jakaranda kapena, mnzake amamuponda phazi.

Amock anadula kwa onse, kwake n'kumadutsapo. Anthu anaona. Winifred, wa nyumba yoyandikana nawo, amene mango ake ankamulipirira ana yunifomu, sanabise.

"Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu," anatero akuyanika zovala, akulankhula ndi chingwe. "Mango athu anali ndi mlandu. Malubeni a akapitawo ndi oyera mtima, amapita ku Misa."

Imelda anatola tsache, nalowa m'nyumba.

Tsiku limene ankazula chitsa cha mango a Winifred, piki inatulutsa mafupa a galu wakale. Mnyamata wina, Kunda, anakweza kachigaza pansonga ya piki, nayamba kuvina nako, akuimba nyimbo ya maliro mwachipongwe. Anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako anakaponya mu lole, pamodzi ndi zinyalala. Imelda anaona zonse pawindo. Analowa kuchipinda. Tsiku limenelo sanadye.

Madzulo Amock anabwera nkhope ili gwa. Bwana wake anadutsa mumsewumo ndi galimoto. Anawerenga mitengo yotsala. Unali umodzi. Anamufunsa pamaso pa anyamata ngati ukapitawo wamulemera.

"Ndakupatsani masabata kuti mtima utsike," anatero Amock. "Sunatsike. Mawa ukugwa."

"Atate ake Emmy, ndakupemphani chiyani chiyambire ukwati uno? Nsapato? Wailesi?"

"Ndiuzeni chifukwa chenicheni. Ndi mankhwala munakwirira pamenepo? Ndi za kwa sing'anga?"

"Ndine wa Chikatolika ngati inu."

"Ndiye n'chiyani?"

Amock anadikira, nadikira, kenako anamenya tebulo ndi chikhatho, kamodzi kokha, natuluka kukamanga unyolo wa njinga umene sunali womasuka. Imelda anathamangira kwa mayi wina wa mumsewumo amene ankagulitsa mazira ku Kabulonga, namutuma mawu kwa Petronella: mawa.

Kutacha lole inaima pakhomo. Anyamata anadumpha ndi zida zawo. Amock anatuluka atavala chipewa cha ntchito, naima.

Pansi pa mtengo panali mphasa. Pamphasa panali mkazi wake ndi mlongo wake. Miyendo atatambasula, mipango kumutu, zitenje zakale. Manja pamiyendo. Osalankhula, osalira. Anthu a mumsewu anayamba kutuluka, kuima m'mipanda mwawo.

"Ba kapitao," anatero Kunda akuseka, "kansi muli na malilo pano?"

Anzake anaseka. Amock nayenso anayamba kuseka, koma kuseka kunamuthera pakati. Anauza azimayiwo kuti anyamuke, akumuchititsa manyazi. Sanasunthe. Ananenanso, mokweza. Petronella anayang'ana Imelda. Imelda anayang'ana pansi. Ndipo Petronella anapuma mpweya waukulu, ngati munthu wotula mtolo umene sakufuna kuutula.

"Amock, bwera kuno. Anyamata ako aime uko."

Mkulu ndi mkulu. Amock anabwera, nanjuta pafupi ndi mphasa.

"Chaka chija unali kumsasa, utabwera tinakuuza mawu awiri. Sunafunse. Unachita bwino, amayi anakulera. Lero usafunsenso. Koma piki isalowe pano."

Amock anayang'ana mlongo wake. Anayang'ana mkazi wake. Kenako maso ake anatsikira pa mwala waphanthiphanthi uja. Mwala umene ankakhalapo Lamlungu lililonse akamamata chubu cha njinga. Mwala umene ankaikapo kapu ya tiyi. Anavula chipewa. Imelda anaona windo lija la nkhope yake likutseguka, ndipo anachita mantha kuti msewu wonse uona m'kati.

"Khoswe wakhala pa mkhate," anatero Amock, osauza munthu.

Ba Chibesa anali akubwera, baji pachifuwa. Anafunsa chimene chaimitsa ntchito. Amock anaimirira, navalanso chipewa, nachitsitsira kumaso. Anati wakumbukira kuti paipi ya madzi imadutsa pansi pomwepa. Piki ikaiboola, msewu wonse ukhala wopanda madzi ndipo alendo apeza dziwe. Dzenje la jakaranda lisunthire cha kugeti. Mawu anatuluka owongoka. Imelda anali asanamumvepo akunama chotero.

"Ehe. Nanga mutengo?"

Imelda anayang'ana mwamuna wake. Anaganiza kuti munthu amene wapeza paipi apezanso china.

"Mtengo ukugwa," anatero Amock.

"Atate ake Emmy."

Sanamuyang'ane. Anawerama ngati akutola chinthu, nanena motsitsa, kuti amve yekha.

"Cha pansi ndingabise. Cha pamwamba msewu ukuchiona."

Anatuma anyamata kukakumba kugeti. Kunda atafuna kumuthandiza, anamuthamangitsa ndi diso. Anatenga macheka yekha. Anagwada, maondo onse awiri m'fumbi, nayamba kucheka pansi penipeni, molingana ndi dothi. Ntchito ya anthu awiri, munthu mmodzi. Zipatso zinkagwera pamsana pake, malaya a khaki n'kumachita madontho akuda. Azimayi anakokera mphasa pambali. Mtengo unalira kamodzi, nugwera mumsewu.

Ana a mumsewu wonse anathamangira nthambi. Lemmy anali patsogolo, akudzaza m'kamwa ndi manja awiri. Winifred anaomba m'manja pang'ono, nati tsopano onse afanana. Imelda sanagwetse msozi. Mtayo saulira.

Amock anabweretsa dothi pa wilibala. Anakwirira chitsa, anakwirira mwala. Anazunguliza miyala, naipaka laimu yekha, nadzala maluwa ofiira a ku nazale. Pofika masana panali kamunda kozungulira, kaudongo, kokongola kuposa pena paliponse mumsewumo. Ba Chibesa anaimirira, manja kumbuyo, nati izi ndiye zimene akhala akunena.

Petronella anapinda mphasa. Anati ndiwo za mabwana zikumudikira. Pochoka sanatsanzike mlongo wake, ndipo Amock sanamuperekeze.

Madzulo, ana atatuluka, Amock analankhula akuyang'ana khoma. Anati oyendera misewu adzabweranso mvula ikagwa. Chitsa chilichonse chimene chaphuka adzachizula, paipi kaya palibe paipi, ndipo sadzatuma gulu lake.

"Malubeni ndi ouma mutu. Lisaoneke tsamba ngakhale limodzi."

Alendo anabwera, napita. Ngati anakhotetsa khosi kuyang'ana ku Kabwata, palibe akudziwa. Ajakaranda ambiri anauma asanafike m'bondo, poti mpopi wouma sungamwetse mwana ndi mtengo. Lamulo lokha silinaume. Ba Chibesa anayamba kubweretsa anthu a m'zigawo zina kudzaona pakhomo pa a Daka. Amaima, amaloza, amayamikira. Ena amaponda m'mphepete mwa miyala. Imelda amawapatsa moni atagwada, monga mwa ulemu.

Mvula inagwa mu Novembala. Sabata isanathe, pakati pa maluwa ofiira panatuluka kamphukira. Timasamba tiwiri, tofewa, ta manomano m'mbali. Imelda anakadziwa asanawerame. Kale, kanthambi kaja kali kakang'ono, ankakathirira ndi madzi otsukira mbale, akukatchinga ndi minga kuti nkhuku zisakajomphe. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakatsina ndi chikhadabo.

Mawa lake tinatuluka titatu.

Inakhala ntchito yake ya m'mawa, asanasese, asanaike madzi pamoto. Kugwada, kupatula maluwa, kufunafuna, kutsina. Chitsa chimakankha, iye amabweza.

M'mawa wina Amock anatulutsa njinga. Anafika pageti, naima, phazi limodzi pansi. Kuchokera tsiku lija anali asanatchulepo nkhaniyi.

"Zaphukanso?"

"Zaphukanso."

Amock anasewera ndi belu osaliliza.

"Anali mwamuna kapena mkazi?"

Mwamuna safunsa. Imelda anadziwa zimenezo, Amock anadziwanso. Koma munthu amene anagwada m'fumbi ndi macheka anali atalipira kale.

"Mkazi," anatero. "Anali ndi makutu anu."

Amock anagwedeza mutu. Anagwira khutu lake, ngati akufuna kutsimikiza kuti lilipo. Anapalasa njinga, osacheuka, kupita kukadzala mitengo ya mzinda.

Kumtunda kwa msewu kunatulukira ba Chibesa, nyuzi m'khwapa. Anaima pamiyala yoyera, akumwetulira.

"Ba mayo, imwe na maluba! Mamawa yonse muli pamene apa. Bakazi bonse ba mu Kabwata bakankhala monga imwe, Lusaka sembe yawama."

"Zikomo, ba cheyamani," anatero Imelda.

Anafumbata timasamba m'dzanja kuti asatione. Anadikira kuti adutse. Kenako anaweramanso, chifukwa pansi pa duwa lina panali kena kakutuluka.